Mbewa ya Manyazi Idafera Kuuna: Mmene Ana a ku Utale ndi ku Balaka Ankaphunzirira Kuimba Pagulu

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwambiwu amaunena pochenjeza munthu amene ali ndi vuto kapena luso, koma akuopa kutulukira poyera. Aphunzitsi a nyimbo amaidziwa bwino mbewa imeneyi. Pali mwana amene amaimba mwanthetemya akamatsuka mbale kuseri kwa nyumba, koma akangomuimika pamaso pa anthu mawu amamuthawa, kukhosi kumauma, mawondo n'kumawombana. Palinso wina amene salakwitsa ngakhale pamodzi, koma nyimbo yake imangodutsa m'makutu osafika mumtima, ngati ndiwo zopanda mchere. Ambiri amayesa kuti awa ndi matenda awiri osiyana. Mbiri ya dera la Utale ndi Balaka, limene lapatsa dziko la Malawi oimba ochuluka, ikusonyeza kuti mankhwala ake adali amodzi. Mwana sankaimikidwa yekha pabwalo nthawi yake isanakwane, ndipo sankapatsidwa nyimbo imene sakudziwa chimene ikunena.

Sukulu ya pabwalo

Utale ali m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, umene umakathira mu Shire. Kufikira m'chaka cha 1998 dera lonseli linkawerengedwa m'boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, ndipo m'chaka chimenecho Balaka adakhala boma palokha. Kuderali kumakhala Ayao, Angoni, Amang'anja ndi Alomwe, mtundu uliwonse ndi magule ake. Sukulu zamakono zisanabwere, anthu onsewa ankaphunzitsa ana awo kuimba m'njira yofanana, ngakhale kuti padalibe amene ankaitchula kuti maphunziro.

Phunziro loyamba lidali la kumbuyo kwa mayi. Khanda lili kumsana linkamva kugunda kwa musi mumtondo, linkagwedezeka ndi thupi la mayi wake pa gule, kotero kuti kayendedwe ka nyimbo kankalowa m'thupi mwake lisanadziwe n'kuyankhula komwe. Phunziro lachiwiri lidali la madzulo pa nthano. Wokamba nthano akati "Padangokhala," omvera onse ankayankha kuti "Tili tonse," ndipo yankho limeneli linkabwerezedwa mpaka nthano ithe. Pakati pa nthano pankakhala kanyimbo kamene wokamba ankayambitsa, ana n'kumavomera. Tsiku lina agogo ankauza mdzukulu kuti lero akambe ndiye. Mwanayo akadodoma, anzake sankakhala chete n'kumamuyang'ana. Mawu oti "Tili tonse" ankamupatsa mpata wopuma ndi wokumbukira, ndiponso ankamutsimikizira kuti omvera ali mbali yake.

Pa gule dongosolo lidali lomwelo. Mwana ankayamba ndi kuomba m'manja ali kumphepete kwa bwalo. Kenaka ankalowa m'gulu la ovomera nyimbo, m'mene mawu ake ankabisala m'mawu a anzake. Akakhwima pang'ono ankaloledwa kuyambitsa nyimbo imodzi kapena kulowa pakati kwa kanthawi. Mnyamata wofuna ng'oma ankayamba ndi kunyamulira akuluakulu ng'oma zawo ndi kuziwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo potero khutu lake linkaphunzira kusiyanitsa ng'oma yolira bwino ndi yozizira. Ankapatsidwa kaye ng'oma yaing'ono imene imangobwereza kalizidwe kamodzi. Ng'oma yotsogolera, imene Achewa ndi Amang'anja amaitcha mbalule, inkadikira zaka, chifukwa woimba mbalule saimba zimene waloweza. Iye amayang'ana mapazi ndi chiuno cha wovina, n'kumamuyankha. Apa ndi pamene padagona luso lokometsa nyimbo: maso a woimba ankakhala pa mnzake, osati pa iye mwini.

Chinamwali nachonso chinkaphunzitsa zomwezi. Kwa Ayao anyamata ankapita ku jando ndipo atsikana ku nsondo, kumene ankaphunzira nyimbo zambiri pamodzi ndi matanthauzo ake obisika. Namwali aliyense ankakhala ndi phungu womuyang'anira. Tsiku lotuluka, pamene mudzi wonse unkasonkhana ndi kuvina manganje, namwali ankaonekera pamaso pa khamu lalikulu kuposa lililonse limene adaimapo m'moyo wake, koma phungu wake ankakhala pambali pake, amayi ankaliza nthungululu, abale ankamufupa. Khamu lotere silinkabwera kudzafufuza zolakwa. Linkabwera kudzalandira mwana wawo.

Tanthauzo la nyimbo nalonso silinkasowa. Mayi woimba pamtondo ankaimba za mwamuna wake womwa, za apongozi ovuta, za mwana amene adapita ku migodi osalembako kalata. Palibe amene ankamuuza pokweza mawu ndi potsitsa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Limba ndi bolodi

Ansembe a chipani cha Montfort adafika m'dziko muno m'chaka cha 1901 n'kukhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Adatsegula Nguludi mu 1903, Neno mu 1906, ndipo Utale mu 1908. Pambuyo pake ku Utale kudatsegulidwanso malo osamalirako odwala khate, amene adatchukitsa dzinali m'dziko lonse. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene idatha kumangidwa mu 1935, idadutsa pa Utale ndi pa Balaka, ndipo idabweretsa anthu ndi nyimbo zachilendo.

Pamodzi ndi mishoni padabwera kaphunzitsidwe kena ka nyimbo. Misa inkachitika m'Chilatini monga momwe zidalili m'matchalitchi ambiri a Katolika nthawi imeneyo, choncho ana a kwaya ankaloweza mawu amene sankawamva. Nyimbo zina zidamasuliridwa m'Chinyanja, koma maimbidwe ake adali a ku Ulaya. Apa padali vuto limene amishoni ambiri sadalione msanga. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana, chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Nyimbo za makolo zinkatsata kukwera ndi kutsika kumeneku. Maimbidwe obwera ankakweza mawu pofunika kutsitsa, ndipo woimba ankatchula chinenero chake chomwe ngati mlendo. Munthu sangaike mtima pa mawu amene akumveka achilendo m'kamwa mwake.

M'sukulu za mishoni za mipingo yosiyanasiyana, ndi m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi, mudafala njira ya Tonic Sol-fa. Njirayi adaiyamba ndi mayi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo mbusa John Curwen adaikonza ndi kuifalitsa ku England kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Mphunzitsi ankalemba pa bolodi zilembo d, r, m, f, s, l, t, ana n'kumatsatira ndodo yake. Ubwino wa njirayi sungakanidwe. Mphunzitsi wa kumudzi wopanda limba ankatha kuphunzitsa nyimbo ya mawu anayi ndi choko chokha, ndipo makwaya ambiri a m'Malawi adakulira pa maziko amenewa. Komatu njirayi idabwera ndi mwambo umene pabwalo padalibe: kuimiritsa mwana mmodzi kuti aimbe yekha, kalasi yonse ili chete, mphunzitsi akudikira cholakwa. M'masiku amene chikwapu chidali chololedwa m'sukulu, ana ambiri adaphunzira kuti kuimba ndi mlandu. Omvera adasanduka oweruza, ndipo chinthenthe cha pagulu chidapeza pomera.

Ng'oma ilowa m'tchalitchi

Zinthu zidayamba kusintha ndi msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Chikalata chake chonena za chipembedzo, chimene chidatuluka pa 4 Disembala 1963, chidatsegula khomo loti zinenero za anthu zigwiritsidwe ntchito pa Misa, ndipo chidalamula kuti maimbidwe a mitundu ya anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe. Pang'onopang'ono ng'oma, visekese ndi kuomba m'manja, zimene kale zinkatsalira panja, zidalowa m'tchalitchi. Akhristu eniake adayamba kupeka nyimbo zotsata katchulidwe ka Chichewa, zokhala ndi woyambitsa ndi ovomera. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a chigawo chino cha Africa adalimbikitsa miphakati, ndipo kwaya idatsika kuchoka ku parishi kufika kumudzi.

Zotsatira zake pa kaphunziridwe ka ana zidali zazikulu. Kwaya ya tchalitchi idakhala bwalo latsopano. Mwana ankalowa ali wamng'ono, n'kuima kumbuyo, ndipo ankaimba pamaso pa anthu Lamulungu lililonse, osati kamodzi pachaka. Anthuwo adali makolo ake ndi anansi ake, amene ankavomera nyimbo limodzi naye. Kwaya yomweyo inkachezera pamaliro ndi kuperekeza akwati, motero mwana ankaona ndi maso ake kuti nyimbo ya pamaliro ikaimbidwa mothamanga imapweteka ofedwa, ndipo ya paukwati ikaimbidwa mozizira imakhumudwitsa eni chimwemwe. Ubwino wa bolodi ndi ubwino wa bwalo zidakumana pamenepo.

Balaka ndi Alleluya Band

Chipatso chodziwika kwambiri cha kukumanaku chidaoneka pa parishi ya Balaka. M'chaka cha 1978 bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, pamodzi ndi achinyamata a pamalopo, adayambitsa Alleluya Band. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo pakokha sikameta mutu popanda mwini mutu kukhala pansi. Mlendoyo adathandiza kupeza zipangizo ndi malo, pamene luso lidali la anyamata a mbadwo umene unkapanga magitala ndi zigubu za mafuta ndi mawaya. Mtsogoleri wa gululi kwa zaka zambiri adali Paul Banda, amene pambuyo pake adatsegula situdiyo yojambulira nyimbo yotchedwa Imbirani Yahweh ku Balaka komweko. Mu 1984 padabadwanso bungwe la achinyamata la Andiamo, limene lidakhala kwawo kwa gululi. Maimbidwe amene adatuluka kumeneko, osakaniza reggae ndi nyimbo za tchalitchi, adadziwika m'dziko lonse ndi dzina la Balaka.

Njira imene mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, adadzera ikuonetsa bwino makwerero akale aja. Iye adabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. Adayamba kuimba mu 1983 ali ndi zaka 13, pansi pa mkulu wake. Adakwera pa nsanja ndi Alleluya Band mu 1985. Adakhala m'gululi zaka zambiri asanatulutse chimbale chakechake. Mu 1993 adapita kukaphunzira nyimbo ku Dorkay House mu mzinda wa Johannesburg, nyumba imene oimba monga Hugh Masekela ndi Miriam Makeba adadzeramo, ndipo chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chidatuluka mu 1994. Kuyambira pamene adayamba kuimba kufika pamene dzina lake lidalembedwa palokha pa kaseti padapita zaka zoposa 10. Sukulu ya ku Johannesburg idalandira munthu amene adali atazolowera kale khamu.

Oimba ena monga Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Paul Subili, Rod Valamanja ndi Isaac Liwotcha adadzera m'gulu lomwelo la Alleluya asanatchuke paokha. Lucius atayambitsa Zembani Band mu 1997 adapitiriza mwambowo, ndipo mwa oimba amene adawagwira dzanja muli Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro. Ng'oma imalira ikaona inzake. Tawuni yaing'ono ya pa njanji sikadatha kubala oimba ochuluka chotere zikadakhala kuti luso limangogwa kumwamba pa munthu mmodzimmodzi. Padali nyumba yolereramo, m'mene wamng'ono ankaima kumbuyo kwa wamkulu kufikira miyendo italimba.

Mantha amtundu wina

Oimba a nthawi imeneyo adali ndi chinthu china choopa choposa maso a khamu. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, lamulo la 1968 lidapatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa zisangalalo, ndipo wailesi idali imodzi yokha, ya MBC. Mawu a nyimbo ankatha kumutengera munthu kundende. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo patangopita masiku ochepa nyumba yosindikizirayo idatenthedwa. Achinyamata a ku Balaka adaona ndi maso awo mtengo wa kuyankhula poyera. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 padachitika chisankho.

Nyimbo ya Lucius yotchedwa Mabala, yonena za zilonda zimene ulamuliro wakale udasiya m'mitima ya anthu, idamveka m'nyengo imeneyo. Anthu sadaikonde chifukwa cha ukatswiri wa zala pa gitala. Adaikonda chifukwa woimbayo ankanena zimene iwo adasunga m'mimba kwa zaka 30. Adapitiriza kudzudzula maboma otsatira, mwakuti mu 2010 nyimbo zake zina zidaletsedwa pa wailesi ya boma, ndipo anthu adamupatsa dzina loti Soja. Adamwalira pa 30 Juni 2024 ku Johannesburg, n'kuikidwa kwawo ku Balaka. Moyo wake ukutsimikiza chimene mayi wa pamtondo ankadziwa kale, chakuti munthu amene ali ndi uthenga woti apereke amaiwala kudziyang'ana. Kulimba mtima ndi kukhudza mitima zimachokera pa muzu umodzi.

Zimene a kunja adapeza

Chinthenthe cha pagulu si matenda a ana okha, ndiponso si chizindikiro cha kusadziwa. Vladimir Horowitz, mmodzi mwa akatswiri a piyano otchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1900, adaleka kuimba pamaso pa anthu mu 1953 ndipo adabwereranso mu 1965, patapita zaka 12. Madokotala amafotokoza kuti munthu akaona ngati ali pangozi, thupi limatulutsa madzi otchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, malovu amauma, manja amanjenjemera. Zonsezi zimathandiza munthu wothawa mkango, koma zimasokoneza woimba, pakuti iye amadalira mpweya wodekha ndi zala zomasuka. Komabe mphamvu yomweyo ikakhala yapakatikati imadzutsa munthu ndi kupatsa nyimbo moyo. Nchifukwa chake aphunzitsi odziwa safuna kuthetseratu mantha. Amafuna kuti mwana aphunzire kuyenda nawo.

Dokotala wina wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, adafotokoza mu 1958 njira yochizira mantha pomufikitsa munthu pa chinthu chimene amaopa pang'onopang'ono, kuyambira pa chochepa, thupi lili lomasuka. Ku Japan, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Shinichi Suzuki adayamba kuphunzitsa ana aang'ono vayolini monga momwe mwana amaphunzirira chinenero cha amake: kumva kaye, kutsanzira, kuimba pamodzi ndi anzake kawirikawiri, ndipo kuwerenga zolembedwa n'kubwera pambuyo. Njira ziwirizi zidalembedwa m'mabuku ndipo zimaphunzitsidwa m'maiko ambiri. Namkungwi wa m'mbali mwa Rivirivi sadalembe buku, koma makwerero ake, ochokera pa kuomba m'manja, kudzera pa kuvomera, kufika pa kuyambitsa nyimbo, adali omwewo.

Chimene chili pangozi

Maphunziro a ulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ichi chidali chinthu chabwino, koma mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 m'kalasi sangamve mawu a mwana aliyense. Kuyambira 2007 nyimbo zidaphatikizidwa ndi magule, zisudzo, masewera ndi luso la manja m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo m'sukulu zambiri phunziro lotere limathera pa kulemba m'kope mayina a magule m'malo movina. Kumudzi nthano za madzulo zikulandidwa malo ndi foni ndi kanema. Wachinyamata wa lero angathe kujambula nyimbo pa kompyuta ali yekha m'chipinda, n'kutchuka pa intaneti asanaimepo pamaso pa anthu 20. Tsiku loyamba kukwera pa nsanja limakhala lomwelo limene khamu lalipira pakhomo. Zikatero ena amabisala kumbuyo kwa nyimbo yojambula kale n'kumangoyendetsa milomo, ena amafuna kulimba mtima m'botolo.

Mphunzitsi amene akufuna kutengapo nzeru pa mbiri imeneyi sasowa zipangizo zodula. Mwana wamanyazi ayambe ndi kuvomera m'gulu, kenaka aimbe ndi anzake awiri kapena atatu, kenaka ayambitse mzere umodzi anzake n'kumulandira. Aimbe pamaso pa anthu kawirikawiri, pa msonkhano wa m'mawa, m'kalasi ya ana aang'ono, pa mphakati, kuti tsiku la mpikisano lisakhale loyamba. Asanaphunzire maimbidwe ayambe wanena mawu a nyimboyo monga momwe angayankhulire, ndipo afotokoze kuti akuuza yani, pa chifukwa chanji. Aphunzire kupuma modekha ndi mozama asanatsegule pakamwa. Akalakwitsa pakati pa nyimbo asaimitsidwe, koma azolowere kupitirira, pakuti pabwalo ng'oma siima chifukwa wovina waphonya phazi. Akhale ndi nyimbo zingapo, za chisoni ndi za chimwemwe, popeza nyimbo imodzi sachezera gule. Anzake a m'kalasi aphunzitsidwenso ntchito yawo, yomwe ndi kuvomera, osati kuseka.

Kuongola mtengo mpoyamba. Agogo a pa nthano, aphungu a ku jando ndi ku nsondo, atsogoleri a kwaya a ku Utale ndi akuluakulu a Alleluya Band onse adagwira ntchito imodzi, ya kuima pambali pa mwana kufikira atatha kuima yekha. Ana a mawu okoma akubadwabe m'midzi ya m'mbali mwa Rivirivi monga kale. Kuti mawu awo adzamveke kapena adzafere kuuna zidalira ngati padzapezeke akuluakulu olola kugwira ntchito imeneyi.